Galu waswa ana 7, inu mukufuna mmodzi: enawo apite kuti?

Bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63, miyezi iwiri yokha. Ngati mu Meyi munaona agalu a m'dera lonse atasonkhana pageti panu, mu Julaye mudzamva tiana tikulira kuseri kwa khitchini kapena pansi pa nkhokwe. Kawirikawiri timakhala pakati pa 4 ndi 8. Taamuna timapeza malo msanga chifukwa aliyense amafuna mlonda. "Achimwene, mundisungire kamphongo," amatero anthu tisanatsegule n'komwe maso. Taakazi ndi timene timatsalira, popeza anthu amaopa vuto lomweli limene lakugwerani inuyo. Pofika masabata asanu tayamba kulimbirana mkute, gaga wakwera mtengo, a landilodi ayamba kuyankhula mokuluwika, ndipo apa m'pamene munthu wabwinobwino, wopemphera ndithu, amayamba kuyang'ana katoni kapena saka.

Njira zochotsera vutoli zilipo zingapo, ndipo sizilemera mofanana. Ndiyamba ndi imene anthu ambiri amaiona ngati yofatsa, chifukwa kwa ine ndiyo yoipitsitsa pa zonse.

Kukawasiya kutali

Kutaya kumakopa chifukwa m'manja mumatsala moyera. Munthu amadziuza kuti sanaphe, wangosiya tianato pamsika, kudzala, kapena m'mbali mwa mtsinje wa Mudi kapena wa Lingadzi kuti wachifundo wina atitole. Koma taganizirani mmene kamwana ka galu kalili. Kamabadwa kosaona ndi kosamva, maso amatseguka pakatha masiku 10 mpaka 14. M'masabata oyambirira thupi lake silitha kudzitenthetsa lokha, limadalira kukhudzana ndi make ndi abale ake. Ngakhale kukodza ndi kuchita chimbudzi, make amayenera kukanyambita kumimba kuti zitheke. Mukatisiya m'katoni usiku wa mu Juni, kuzizira kumatipeza njala isanafike. Timaunjikana pakona imodzi, ka pansi kamayamba kukhala chete, ta pamwamba tikulirabe mawu atasasa. Kukacha nyerere zalowa m'maso ndi m'kamwa, masana dzuwa lawomba katoniyo. Anthu odutsa amasuzumira, n'kunena kuti "anthu ena alibe chisoni," n'kupitirira. Wachifundo uja amene mumamuyembekezera nayenso ali ndi landilodi wake.

Tokulirapo, ta miyezi iwiri kapena itatu, timakhalitsako, ndipo kukhalitsako ndi kuzunzika kotalikirapo basi. Timadya zakudzala, mimba imatupa ndi njoka, mphere imathothola ubweya, nthata ndi nkhupakupa zimatiyamwa magazi mpaka nkhama kuyera. Pali matenda a parvo, amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba mwa magazi, ndipo kagalu kosabayitsa nthawi zambiri sikapulumuka. Kotsala ndi magalimoto, miyala ya ana a sukulu, ndipo ku Lilongwe kuli afisi amene amayenda usiku mumzinda momwemo.

Galu wamkulu naye amatayidwa, makamaka banja likamasamuka n'kupeza kuti nyumba yatsopano salola ziweto, kapena akakalamba n'kusiya kuuwa. Amamukweza m'galimoto, n'kukamutsitsa pamsewu wafumbi kunja kwa tauni. Amathamangira galimotoyo mpaka mphamvu zitatha, kenaka amabwerera pamalo pomwe anamutsitsirapo n'kudikira. Galu amene wakula akudyera m'mbale sadziwa kusaka, ndipo agalu a kumaloko amamuluma chifukwa ndi mlendo. Pakatha masiku angapo ali wowonda, wosokonezeka, malovu ali kukamwa chifukwa cha ludzu, akuyandikira anthu osawadziwa. Anthu akamuona amakuwa kuti wachiwewe, ndipo zibonga zimatuluka.

Sindingawaweruze anthu akuwawo, chifukwa mantha awo ali ndi maziko. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo pafupifupi 40 pa 100 aliwonse mwa iwo ndi ana osafika zaka 15. Zizindikiro zikangooneka palibenso mankhwala. Madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital anapezapo kuti ana ena amene anamwalira akuganiziridwa malungo a mu ubongo anali ndi chiwewe. N'chifukwa chake mu 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito yake ku Blantyre, n'kubaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20, ndipo pambuyo pake ntchitoyo inafika ku Zomba ndi ku Chiradzulu. Imfa za ana ofa ndi chiwewe pachipatalapo zinatsika kwambiri. Chinsinsi chake ndi nambala imodzi: agalu 70 pa 100 aliwonse m'dera akakhala obayidwa, kachilombo kamasowa podutsa. Kagalu kalikonse kotayidwa kamene kapulumuka ndi galu wosabayidwa, wopanda womugwira kupita naye kukatemera, woswanso ena osabayidwa. Nambala ija amaitsitsa ndi inuyo, ndipo wodzalumidwa ndi mwana wa munthu amene sanakuoneni n'komwe.

Malamulo nawo sakhala chete. Lamulo la Protection of Animals Act limaletsa kuchitira nyama nkhanza, ngakhale kuti si kawirikawiri kumva munthu atatengeredwa kukhoti chifukwa cha galu. Komanso akuluakulu a zaziweto ndi makhonsolo akalengeza kuti agalu onse amangidwe, oyendayenda amawomberedwa. Wanu uja amakhala m'gulu lomwelo.

Kupha

Ena amati bola kungothana nazo, ndiye amamiza m'madzi kapena kuthira tameki m'nsima. Kumiza si imfa yachangu monga anthu amaganizira, kanyamako kamalimbana mpaka mpweya kutha. Tameki ndiye woopsa kwambiri: galu amatuluka thovu, amanjenjemera, amadziipitsira, n'kufa mobanika akuona chilichonse. Zotsalira zake zimapha nkhuku, amphaka ndi akhwangwala, ndipo pakhomo pamene pali mwana wokwawa simufuna chinthu chimenecho chigone pansi.

Pali kupha kwa mtundu wina kumene sindikuika m'gulu limeneli. Dokotala wa ziweto ali ndi jakisoni wogonetsa amene amamubaya galu pamtsempha, galuyo n'kugona osadzukanso, mosamva ululu. Kwa galu wokalamba amene sangathenso kuimirira, wogundidwa mothyoka msana, kapena wa chotupa chosachizika, imeneyi ndi njira yachifundo, yoposa kutali kukamusiya kuthengo kuti "akafere yekha." Kwa tiana tathanzi, dokotala adzayamba wakufunsani ngati mwayesadi kutipezera malo, ndipo adzakhala akulondola.

Kugulitsa kwa anyamata a m'mbali mwa msewu

Apa mumapezako kangachepe, ndipo tonse timachoka tsiku limodzi. Koma anyamatawa amafuna tating'ono kwambiri, ta masabata atatu kapena anayi, chifukwa ndi timene timakopa odutsa pagalimoto. Amatinyamula m'mwamba tsiku lonse padzuwa, popanda madzi, topanda make. Kamene kayamba kufooka kapena kukula osagulidwa sikabwerera kwa inu, kamathera mungalande. Kunena zoona, uku n'kutaya komwe, kungoti wotayayo mwamulemba ganyu.

Kutumiza kumudzi

Njira imeneyi ili pakatikati, zimangotengera kumene mukutumizako. Ngati amalume apempha okha galu woti azithamangitsa anyani kumunda kapena kulondera khola la mbuzi, ndipo mukudziwa kuti pakhomopo nsima imatsalako, palibe cholakwika. Agalu ambiri akumudzi amakhala mwaufulu kuposa a m'tauni otsekeredwa m'kakhola ka malata usana wonse kuti aziluma. Vuto limabwera mukangokweza katoni pabasi n'kuuza agogo pafoni kuti mwawatumizira alonda, pomwe iwowo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale akusowa chodya okha. Galu wanjala amayamba kugwira nkhuku za eni ake, mlandu umafika kwa amfumu, ndipo mapeto ake amakhala chingwe.

Chinthu china chimene ambiri sachiganizira n'chakuti chiwewe chimabisala m'thupi masabata kapena miyezi chisanaonekere. Galu wosabayidwa akamasamutsidwa kuchoka dera lina kupita lina, akhoza kupita nacho. Musanamukweze, mubayitseni, ndipo kapepala ka katemera kapite naye limodzi.

Kugawa kwa anthu amene mwawasankha

Pa tiana timene tabadwa kale, iyi ndiyo njira yabwino, komanso ndiyo yotopetsa. Imafuna kuti mupirire nato masabata 8. Pasanafike pamenepo tisachoke kwa make, chifukwa mkaka wake ndi umene umatiteteza ku matenda, ndipo posewera ndi abale ake m'pamene kagalu kamaphunzira kuti kuluma kumapweteka. Kochotsedwa msanga kamadwaladwala, kamalira usiku wonse, ndipo mwini watsopanoyo akatopa amakataya iyeyo.

M'masabata amenewo muli ntchito. Mankhwala a njoka za m'mimba amayambika tikakwana masabata awiri, ndipo make nayenso amwe. Kuyambira sabata lachinayi tipatseni phala lofewa la mgaiwa losakaniza ndi bonya kapena usipa wosinja, pang'onopang'ono kangapo patsiku, chifukwa nsima yokhayokha sikuza mafupa. Make adye kuposa masiku onse, woyamwitsa amatha thupi msanga. Funsani a vetenale za katemera wa parvo ndi wa chiwewe. Wa chiwewe kawirikawiri amabaya kagalu kakakwana miyezi itatu, ngakhale kuti pa kampeni amalandira ngakhale tocheperapo. Zonsezi zimadya ndalama, sindibisa. Koma kagalu konenepa, kowala ubweya, kokhala ndi kapepala ka katemera kamapeza mwini msanga kuposa kotupa mimba, ngakhale katakhala kakakazi.

Kufuna eni ake muyambe tikadali ta masabata awiri, osadikira kuti tiyambe kusowetsa mtendere. Jambulani zithunzi zabwino, ikani pa WhatsApp ndi pa Facebook, nenani kumphakati kapena kumsonkhano wa amayi, uzani alonda a kuntchito ndi ogulitsa pamsika amene mumawadziwa. Ndipo wobwera aliyense musangomupatsa. Mufunseni mwaulemu: "Bambo, kunyumbako ndi kwanu kapena ndi kwa lendi? A landilodi avomera? Mayi akunyumba akudziwa kuti mukubwera ndi galu?" Funso lomalizali limaseketsa, koma agalu ambiri amabwezedwa kapena kutayidwa chifukwa wophika nsima sanafunsidwe. Mwana akabwera yekha ndi saka, m'bwezeni akabwere ndi wamkulu. Munthu amene akufunsa ngati kagaluko kadzaluma, n'kumakamba zokatsekera mumdima ndi kukadyetsa tsabola kuti kaluse, ameneyo muuzeni kuti tonse tatengedwa. Ndipo aliyense amene mwamupatsa mumuuze kuti zikamuvuta abweze kwa inu. Mawu amenewo okha amapulumutsa agalu ambiri kudzala.

Kakakazi mukamakapereka, nenani poyera kuti pakati pa miyezi 6 ndi 12 kadzayamba kufuna amuna, ndipo muuzeni mwini wakeyo kumene angakakatseketse. Mukapanda kutero, chaka chamawa katoni ija adzainyamula ndi iyeyo.

Galu wamkulu amavuta kumupezera malo kuposa kamwana, komabe ali ndi chake chogulitsira: amauwa kale, amadziwa anthu, sakutafunanso nsapato. Ngati mukusamuka, yambani ndi amene akulowa m'nyumbamo kapena oyandikana nawo amene galuyo amawadziwa kale. Tsiku losamuka mumalidziwa kudakali mwezi wathunthu, ndiye nkhani ya galu isadikire lole itaima pakhomo.

Mabungwe osamalira nyama

Ku Lilongwe kuli LSPCA, imene inayamba mu 2008, ndipo ku Blantyre kuli BSPCA. Amachiza, amabaya katemera, amachita opaleshoni yotseka kubereka, ndipo amathandiza kupezera agalu mabanja atsopano. Ngati muli pafupi, kambani nawo musanachite china chilichonse. Koma mupite mukudziwa kuti malo awo ndi ochepa ndipo amayendera thandizo la anthu akufuna kwabwino. Kukasiya katoni pageti pawo usiku n'kuthawa n'kutaya komwe. Nthawi zina chimene angakuthandizeni n'kulengeza tianato tikadali kwanu, ndi kutseka make. Kwa munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa, njira imeneyi ndi yakutali, wapafupi ndi mlangizi wa ziweto wa boma m'dera lanu.

Tsono make?

Zonse zimene zili pamwambazi zikungothana ndi bere limodzi. Galu wamkazi amafuna amuna kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo sasiya ngakhale atakalamba. Mukagawa tiana 6 chaka chino mwatha abale ndi anzanu onse ofuna galu, chaka chamawa mulibenso wompatsa. Apa palinso njira zitatu, ndipo ziwiri mwa izo zimakhumudwitsa.

Yoyamba ndi kumutsekera. Ndi yaulere, ndipo imatheka ngati muli ndi chipinda cha chitseko cholimba. Nyengo yofuna amunayo imatenga masabata pafupifupi atatu: kumaliseche kumatupa, timadontho ta magazi timaoneka pakhonde. Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa: magazi akayamba kuchepa m'sabata lachiwiri amaganiza kuti zatha n'kumutsegulira, pomwe imeneyo ndiyo nthawi yeniyeni imene amatenga bere. Unyolo suthandiza, umangomuimikira amuna pamalo amodzi. Mpanda wa udzu kapena wa bango ndi nthabwala kwa galu wamphongo, amaboola, amakumba pansi, ena amalumpha ndi wa njerwa womwe. Mwana mmodzi akaiwala kutseka chitseko kwa mphindi zochepa, masabata atatu aja apita pachabe. Ndipo muyenera kupambana ulendo uliwonse kwa zaka zonse za moyo wake.

Yachiwiri ndi jakisoni wa kulera, amene ena amachita kupempha wa amayi kuti abaye galu. Amaoneka wotsika mtengo ndipo nyengo imaimadi kwa kanthawi. Koma mankhwala amenewa amachititsa kuti chiberekero cha galu chidzaze mafinya. Mudzaona akumwa madzi kwambiri, akukana chakudya, mimba ikutupa, nthawi zina mafinya onunkha akutuluka kumbuyo. Zikafika apo chomupulumutsa ndi opaleshoni yadzidzidzi, yodula komanso yoopsa kuposa imene munkaizemba ija. Amawonjezeranso zotupa za m'mawere. Akabayidwa ali kale ndi bere, kubereka kumatha kuvuta. Ineyo galu wanga sindingamubayitse ameneyu.

Yachitatu ndi opaleshoni yochotsa chiberekero, imene anthu amangoti kutseka. Imachitika kamodzi, galu ali mtulo ta mankhwala, ndipo nkhani ya ana imathera pomwepo. Sipakhalanso magulu a agalu olumana pageti usiku, sipakhalanso mafinya a m'chiberekero, ndipo akatsekedwa adakali wamng'ono zotupa za m'mawere zimachepa kwambiri. Amapewanso chotupa chotuluka magazi kumaliseche chimene agalu oyendayenda amapatsirana pokwerana. Kwa dokotala woima payekha mtengo wake umaluma, koma muuyerekeze ndi gaga, bonya ndi mankhwala a mabere asanu kapena asanu ndi limodzi. Mabungwe aja amakhalanso ndi nthawi zimene amayenda m'madera kutseka agalu mwaulere kapena pamtengo wotsika, ndipo nyengo yozungulira 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse, ndi yabwino kutchera khutu ku wailesi ndi kwa amfumu.

Pali zonena ziwiri zimene zimabweza anthu m'mbuyo. China n'chakuti galu ayenera kuswa kaye kamodzi asanatsekedwe. Palibe phindu lililonse limene thupi lake limapeza pamenepo. China n'chakuti galu wotsekedwa kapena wofulidwa amasanduka mbuzi, sauwanso. Kulondera pakhomo sikuchokera kumeneko. Chimene chimachepa mwa wamphongo ndi kusowa masiku atatu kutsata wamkazi, n'kubwera khutu litang'ambika, ndipo mlonda amene ali kutsidya kwa mtsinje usiku sakulonderani kanthu. Kunenepa kumene anthu amadandaula nako kumachitikadi ngati mbale ikudzaza monga kale, ingochepetsani pang'ono.

Eni agalu aamuna amakonda kuganiza kuti nkhaniyi si yawo, chonsecho wamphongo mmodzi akhoza kupereka mimba kwa agalu a mudzi wonse. Kufula n'kosavuta ndipo n'kotsika mtengo kuposa kutseka wamkazi. Koma akafule ndi a vetenale. Zija zogwirira galu pansi anthu anayi n'kumucheka ndi lezala, kapena kumumanga mphira mpaka ziwalo zitawola, ndi nkhanza zosaneneka, ndipo ambiri amafa ndi kutaya magazi kapena chilonda kulowa mafinya.

Ngati wanu waswa kale, dikirani tiana tisiye kuyamwa ndipo mawere aphwe, zimene zimatenga masabata angapo, kenaka pitani naye. Musachedwetse mpaka kukolola, chifukwa pakangopita miyezi yochepa amayambanso kufuna amuna. Usiku wa dzulo lake asadye, monga mmene dokotala angakuuzireni. Akabwera muikeni pouma ndi pofunda, pasaka loyera, asathamange ndipo asanyambite chilonda. Malaya akale a mwana mutamuveka n'kumanga kumsana amathandiza kuphimba pamimbapo. Chilondacho chimapola pakatha masiku 10 mpaka 14. Mukaona chatupa, chikutuluka madzi onunkha, kapena galu wakana chakudya kupitirira tsiku lachiwiri, bwererani naye kwa amene anamuchita opaleshoniyo tsiku lomwelo.